Mowa wakuda wa mumgolo: wagona, kapena ndi mmene umakhalira?

Funso: Ndili ku Nottingham chaka chachiwiri tsopano, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Kumudzi ndinkakonda Carlsberg Stout, ndipo nthawi imene ndinali ku Joni ndinazolowera Castle Milk Stout. Anzanga a kuntchito andiitana ku chikondwerero cha mowa cha mu Okutobala, akuti kukakhala real ale wambirimbiri. Tsiku lina ndinalawa porter wa pampope uja amachita kukoka ndi dzanja, koma ndinamva ngati wofunda ndiponso wopanda gasi. Kodi anandigulitsa wogona? Nanga real ale ndi chiyani kwenikweni, ndipo wokonda wakuda ngati ine ndikasankhe uti kuti ndisakabwereko atandinyamula?

Yankho: Achimwene, mwina sanakubereni. Ndikutero chifukwa zinthu ziwiri zimene mwatchulazo, kusazizira ndi kuchepa kwa gasi, si zizindikiro za mowa woonongeka. Mowa wa mumgolo umakhala choncho dala. Mukanati unkanunkha viniga kapena katoni yonyowa, apo ndikanati akupatsani zotsalira za dzana.

Ndiyambire kwathu, chifukwa inu nkhaniyi mukuidziwa kale kuposa mmene mukuganizira. Kumbukirani paketi ya Chibuku. Tsiku loyamba imakhala yotsekemera ngati thobwa, mawa lake yayamba kuluma, pofika tsiku lachinayi kapena lachisanu ndi ya akatswiri okhaokha. Mowawo umapitiriza kuwira uli mupaketi momwemo, nchifukwa chake pamwamba pamakhala popumira. Masese a kumudzi ndi chimodzimodzi: mayi wofulula amadziwa tsiku limene mowa wapsa, ndipo mukafika mochedwa mumapeza wasasa. Real ale ndi m'bale wake wa zimenezi. Ndi mowa umene sanauphe. Sanausefe mpaka kuchotsa yisiti yense, sanauwotche kuti ukhalitse, ndipo sanaupopere gasi wa mu silinda. Amauthira mumgolo yisiti akadali moyo, ndipo umakamalizira kupsa m'chipinda chapansi cha pa pub pomwepo. Kagasi kamene kalimo ndi kamene yisiti wapanga yekha, nchifukwa chake sikabaya pakhosi ngati Green wotuluka mufiriji.

Dzinali linabwera ndi bungwe la CAMRA, kutanthauza Campaign for Real Ale, limene anyamata anayi a ku England anayambitsa mu 1971 ali patchuthi ku Ireland. Nthawi imeneyo makampani akuluakulu ochepa anali atagula timafakitale ta mowa tambiri, nkumachotsa mipope ya dzanja kuti aike mowa wa keg, wosefa, wowotcha, wokankhidwa ndi gasi, umene sufuna luso posunga. Anthuwa anakana zimenezo, ndipo zikondwerero ngati chimene mwaitanidwacho zimakonzedwa ndi nthambi za bungweli, ogwira ntchito ake ambiri ali ongodzipereka osalipidwa. Mukaona agogo a ndevu zoyera akukuthirirani mowa, dziwani kuti ena atenga tchuthi kuntchito kuti adzaime pamenepo.

Ine ndinagwirapo ntchito m'chipinda chapansi cha pub ina, ndiye ndikuuzeni zimene zimachitika kumeneko. Mgolo wofala umatchedwa firkin, umalowa magaloni 9, amene ndi ma pint 72, pafupifupi malita 41. Ukafika sumangoutsegula ayi. Umaugoneka pachoikira chake, nkuusiya tsiku kapena masiku angapo kuti matsenga adikhe. Ofulula ambiri amathiramo isinglass, yopangidwa kuchokera ku kathumba ka mpweya ka m'mimba mwa nsomba, imene imakokera yisiti pansi kuti mowa uyere. Kenako umaboola pamwamba ndi kamtengo kakang'ono kotchedwa spile kuti gasi wochuluka atuluke, nkukhoma mpopi kutsogolo ndi nyundo yamtengo. Ulendo wanga woyamba ndinakhoma mwamantha, mpopi sunalowe bwino, porter nkundisambitsa kuyambira kumaso mpaka m'nsapato. Ndinakwera basi ndikununkha ngati ndagona m'mbiya. Mgolo ukangotsegulidwa mpweya umayamba kulowa m'malo mwa mowa umene watuluka, ndiye uli ndi masiku atatu, mwina anayi, usanayambe kutembenuka. Apa mpamene pagona nkhani yonse. Mowa womwewo, wa fakitale yomweyo, ukhoza kukoma pa pub ina nkukhala wosamweka pa pub yoyandikana nayo, kungoti kwinako mgolo umatha msanga ndipo mapaipi amatsukidwa sabata iliyonse.

Za kufunda zija: mowa umenewu amausunga pa madigiri 11 mpaka 13. Si wofunda, ndi wozizira ngati madzi a mumtsuko m'mawa wa mu Juni. Lilime lathu linazolowera botolo lochita thukuta ndi kuzizira, koma chisanu chimabisa kukoma. Kwa lager zilibe kanthu kwenikweni, koma porter ukamuziziritsa kwambiri umataya fungo lonse la khofi ndi chokoleti limene unalipirira. Mzinda wanuwo unachita mwayi pa nkhani imeneyi. Nottingham inamangidwa pa thanthwe lofewa lamchenga, ndipo kuli mapanga mazanamazana okumba ndi manja, amene ambiri ankasungiramo mowa chifukwa kutentha kwake sikusinthasintha chaka chonse. Mukalowa mu Ye Olde Trip to Jerusalem, mmunsi mwa Nottingham Castle, zipinda zina zili m'thanthwe momwemo. Pakhoma analemba chaka cha 1189, ngakhale odziwa mbiri amakayikira chakacho.

Tsopano za kuda. Anthu ambiri, azungu omwe, amaganiza kuti mowa wakuda ndi waukali. Si choncho. Kuda kumachokera ku chimera, osati ku ukali. Chimera cha barele amachiumitsa pamoto monga timachitira ndi cha mawere padzuwa, koma gawo lina laling'ono amalikazinga mpaka kuda, ngati munthu amene wapsereza mtedza pachiwaya. Nthawi zambiri chokazingacho sichipitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a chimera chonse, koma chimadetsa mgolo wonse. Ukali umachokera ku kuchuluka kwa shuga amene yisiti wadya. Nchifukwa chake Guinness wa pampope, wakuda bii, ali ndi mphamvu ya pafupifupi 4.2 peresenti yokha, kuchepera ma lager ambiri oyera mbee a 5 peresenti. Inu munazolowera kuti stout ndi woluma chifukwa amene amagulitsidwa ku Africa amakhaladi aukali: Castle Milk Stout ndi 6 peresenti, Guinness Foreign Extra wa ku Nigeria ndi 7.5. Ndipo poti tatchula Guinness, dziwani kuti wa pampopeyo si real ale. Ndi wa keg, ndipo thovu lake lofewa ngati zonona limabwera ndi gasi wa nitrogen, njira imene kampaniyo inayamba mu 1959, patatha zaka 200 chiyambire kufulula ku St James's Gate ku Dublin. Sindikuunyoza, ndimamwa, koma ndi nyama ina.

Mukafika ku chikondwereroko, mitundu ya wakuda mudzaipeza motere. Wofatsa kuposa onse ndi mild. Dzinali kale linkatanthauza mowa watsopano, wosasungidwa nthawi yaitali. Unali mowa wa anthu a m'migodi ndi m'mafakitale a zitsulo, amene ankatuluka ntchito ali ndi ludzu la ng'ombe, nkumafuna chakumwa choti amwe ma pint angapo koma mawa nkudzuka bwinobwino. Mpaka cha m'ma 1950 unali mowa wogulidwa kwambiri m'ma pub a ku England, kenako unagwa mpaka kutsala pang'ono kuzimirira, achinyamata akuuona ngati chakumwa cha madala. Mild ambiri ali pakati pa 3 ndi 3.6 peresenti, sawawa, amatsekemera pang'ono, ali ndi kafungo ka buledi wopsa bwino ndi mtedza. Ine ndimauona ngati mayeso enieni a wofulula, chifukwa mu mowa wofooka chotere mulibe pobisala. Black Cat wa Moorhouse's ku Burnley, wa 3.4 peresenti, anapambana mpikisano wa Champion Beer of Britain mu 2000, kugonjetsa aukali onse. Koma chenjerani ndi Dark Ruby wa Sarah Hughes, amene amafululidwa kuseri kwa Beacon Hotel ku Sedgley. Dzina ndi mild, mphamvu ndi 6 peresenti, ndipo amatsika pakhosi ngati Sobo. Wagwetsa ambiri.

Porter, amene munalawa uja, ndi wa ku London, wa cha m'ma 1720, ndipo dzina lake linachokera kwa anthu onyamula katundu m'misewu ndi pa mtsinje wa Thames, azibandu a nthawi imeneyo tingatero, amene ankaukonda. Unali mowa woyamba kufululidwa mochuluka ngati katundu wa m'fakitale, nkumasungidwa miyezi m'mathanki a matabwa aakulu ngati nyumba. Mu 1814 thanki imodzi yotere inaphulika pa fakitale ya Meux pafupi ndi Tottenham Court Road, porter anasefukira m'nyumba za amphawi zoyandikana, nkupha anthu asanu ndi atatu. Mu 1817 Daniel Wheeler anatulukira ng'oma yachitsulo yozungulira yokazingira chimera osachiyatsa, ndipo kuyambira pamenepo porter anayamba kuda kwenikweni. Stout poyamba sanali mtundu wina ayi, ankati stout porter, kutanthauza porter wamphamvu. Lero malire a awiriwa ndi osokonekera, ndipo mukafunsa ofulula atatu mumva mayankho anayi. Mwa chizolowezi porter amapendekera ku chokoleti ndi zipatso zouma, stout amapendekera ku khofi wakuda ndi kuwawa kwa nkhoko zopserera za mumphika wa nsima. Ngati munali mwana wolimbirana nkhoko, stout ndi wanu.

Poti munakonda Castle Milk Stout, funani chilichonse cholembedwa milk stout kapena sweet stout. Mulibe mkaka weniweni, muli shuga wa mumkaka, lactose, amene yisiti wa mowa satha kudya, ndiye amatsala nkumazunitsa. Oatmeal stout ali ndi oats, amaterera pakamwa. Ndipo pali ena amene sakwanira bwino m'magulu awa, ngati Old Peculier wa Theakston wa ku Masham, North Yorkshire, wa 5.6 peresenti, amene amamveka ngati keke ya Khirisimasi. Plum Porter wa Titanic wa ku Stoke-on-Trent, 4.9 peresenti, amakondedwa kwambiri ndipo migolo yake imatha msanga, ngakhale ineyo hafu imodzi imandikwana, fungo la zipatso limandichulukira. Amene ndingakuuzeni kuti musamuphonye mukamuona ndi 1872 Porter wa Elland ku West Yorkshire, amene anapambana Champion Beer of Britain kawiri, mu 2013 ndi mu 2023. Ali 6.5 peresenti, ndiye mumusiyire kumapeto. Pamwamba pa onsewa pali imperial stout, amene ankatumizidwa ku Russia m'zaka za m'ma 1700, ndipo amayambira cha pa 8 kapena 9 peresenti kupita kumtunda. Ameneyo samwedwa, amanyambitidwa.

Koma mndandanda wa maina otchukawu usakuiwalitseni zapafupi. Mowa wamoyo sukonda ulendo wautali, ndipo chosangalatsa nchakuti ganizo limeneli linakhazikika mumzinda wanu womwewo. Fakitale yakale ya Hardys & Hansons ku Kimberley itatsekedwa mu 2006, nthambi ya CAMRA ya ku Nottingham inayambitsa mu 2007 ndondomeko yotchedwa LocAle, yolimbikitsa ma pub kugulitsa mowa wofululidwa pafupi, ndipo inafalikira dziko lonse. Fakitale ya mowa ya Castle Rock ili pafupi ndi siteshoni ya sitima, pub yake ya Vat & Fiddle ili pakhomo pomwepo. Pitani kumeneko kapena pa pub ina iliyonse imene mipope yake imagwira ntchito mosalekeza chikondwerero chisanafike, mukalawenso wakuda wa mumgolo. Mukatero mudzadziwa ngati uja munamwa anali wabwino kapena wotopa.

Mmene mungadziwire ndi mphuno. Mowa woyera umadziulula ndi maso ukachita chifunga, koma wakuda umabisa. Nunkhizani musanamwe. Viniga ndiye kuti wasasa. Katoni yonyowa ndiye kuti mpweya waulowa nthawi yaitali. Fungo la batala lochuluka nthawi zambiri limaloza mapaipi akuda kapena mowa umene anaufulumizitsa. Wabwino umanunkhira chimera chokazinga, ndipo mukagwedeza tambula pang'ono timathovu timadzuka m'mbali. Mukauyang'anitsa ku kuwala, porter wabwino sakhala wakuda ngati makala, amaonetsa kufiira kwa mkati. Mukapeza woipa bwezani mwaulemu musanamwe theka, si mwano, pub yabwino imakusinthirani nkutembenuza chikwangwani cha pampope. Ndipo kupempha kadontho kolawa musanagule ndi mwambo wololedwa, musachite nako manyazi. Ife Amalawi timaopa kuoneka ovuta, timangomeza zoipa nkumadandaula tili panjira.

Chikondwerero cha kwanuko chimatchedwa Robin Hood Beer and Cider Festival. Pakhomo mudzalipira, adzakupatsani tambula yanuyanu yoti muyende nayo tsiku lonse, ndi kabuku kolemba mowa uliwonse, kumene wachokera ndi mphamvu yake. Migolo yambiri imakhala itasanjidwa pa mashelefu, ndipo amathira molunjika kuchokera pampopi popanda mpope, ndiye thovu limakhala lochepa kuposa la pa pub. Musadabwe nazo. Thovu lokhuthala lija, makamaka kumpoto kwa England, limabwera ndi kachipangizo kokhala ndi timabowo kotchedwa sparkler kamene amamangirira kukamwa kwa mpope, ndipo a kumpoto ndi a kummwera akhala akukangana za kameneka kuyambira kalekale, mkangano wosatha ngati wa Bullets ndi Wanderers.

Langizo langa lalikulu ndi la muyeso. Musagule pint. Pint ndi mamililita 568, hafu ndi 284, ndipo tambula za m'zikondwerero zambiri zimakhala ndi mzere wa gawo limodzi mwa atatu, mamililita 189. Gulani kagawo kameneko. Mukalawa mitundu isanu ndi umodzi mwamwa ma pint awiri okha. Yambani ndi mild, mubwere pa porter wapakati, kenako stout, waukali kumapeto, chifukwa mukayamba ndi imperial stout lilime limafa ndipo zotsatira zonse zimamveka ngati madzi. Masamu ake ndi awa: pint ya 4 peresenti ili ndi mayuniti (muyeso wa ukali umene munthu wamwa) 2.3, ya 6.5 peresenti ili ndi 3.7, ndipo a zaumoyo ku Britain amalangiza kusapitirira mayuniti 14 pa sabata yonse. Muona nokha kuti madzulo amodzi osasamala akhoza kudya sabata yathunthu. Imwani madzi pakati, tsukani tambula pa mpopi umene amaika, ndipo mupite mutadya nsima, osati tiyi ndi buledi. Mbali ya cider ndi perry, mowa wa maapulo ndi wa zipatso za pear, muiyandikire mwaulemu, zambiri kumeneko zili 6 kapena 7 peresenti koma zimamveka ngati juwisi. Galimoto isiyeni kunyumba, tram, kasitima koyenda mumzinda, ilipo. Inu ntchito yanu ndi yonyamula ndi kumwetsa mankhwala anthu ofooka, ndiye tsikulo lisakhale loti mawa lake muli pa shifiti ya m'mamawa, ndipo mlandu woyendetsa galimoto utamwa ukhoza kukuonongerani ntchito ndi mapepala omwe. Zija timanena kwathu zoti stout amaonjezera magazi ndi nthano chabe, ayironi amene alimo ndi wochepetsetsa. Bonongwe amachita bwino.

Tsiku loti mupite lilinso ndi ntchito. Pitani tsiku loyamba kapena lachiwiri, masana ngati shifiti ikulolani. Akuda amakhala ochepa poyerekeza ndi ma pale ale ndi golden ale, ndipo otchuka amatha msanga, moti pofika Loweruka usiku mumapeza migolo yambiri atapachikapo chikwangwani choti yatha, yotsalayo itayamba kutopa. Masana mulibe phokoso, ndipo othira mowa amakhala ndi mpata wocheza. Muuzeni mmodzi kuti mumakonda milk stout, muona mmene akondwere, akuyendetsani shelefu yonse. Pa chakudya, yesani porter ndi tchizi cha Stilton, chimene chimapangidwa m'maboma atatu okha, Nottinghamshire, Derbyshire ndi Leicestershire. Fungo lake limathawitsa poyamba, koma mchere wake ndi kutsekemera kwa porter zimagwirizana modabwitsa. Ngati tchizi chakukanikani, nyama yootcha iliyonse imayenda ndi stout, ngati mmene kanyenya amayendera ndi botolo lozizira ku Chigwirizano.

Okutobala akadutsa nyengo ya wakuda imakhala ikungoyamba kumene. Miyezi yachisanu ofulula amatulutsa ma porter, ma stout ndi ma old ale ambiri, ndipo zikondwerero za m'nyengoyi zimakhala ndi akuda ochuluka kuposa za m'chilimwe. Ku London kuli Pig's Ear cha kumayambiriro kwa Disembala. Mu Meyi CAMRA imalimbikitsa mild, ndipo nthambi zambiri zimakonza ulendo woyenda pub ndi pub kulawa mild, nkumadindidwa kakhadi. Mwezi womwewo kuli cha ku Cambridge pa Jesus Green, chimene chinayamba mu 1974, ndipo mu Ogasiti kuli cha ku Peterborough m'mahema m'mbali mwa mtsinje wa Nene. Koma zimene ine ndimaziyembekezera kwambiri ndi zing'onozing'ono, za m'holo ya tchalitchi kapena ya kalabu ya rugby, migolo makumi awiri kapena atatu, kumene wofulula mwiniwake amaima pambali nkumakuyang'anani nkhope pamene mukulawa. Masiku ake mumawapeza m'timagazini taulere ta nthambi za CAMRA timene timakhala pa kauntala m'ma pub. Tengani kamodzi mukapita ku Vat & Fiddle, ndipo munyamule cholembera, muzilemba m'kabuku ka chikondwerero kaja chimene mwakonda, chifukwa pofika kagawo kachisanu maina amayamba kusakanikirana m'mutu.